Mbalame za pa Ngodya ya Envulopu

Nkhani ya sabata ino ikuchokera mu mzinda wa Mzuzu, ndipo ikukhudza kapepala kakang'ono kamene anthu akhala akukanyambita, kukamata pa kalata ndi kukaiŵala, ndiko kuti sitampa. M'nyumba zambiri za ku Chibanja, ku Katoto, ku Chiputula, ku Zolozolo ndi ku Masasa muli masutikesi akale ndi mabokosi achitsulo amene akhala pansi pa bedi zaka makumi angapo. M'menemo muli makalata a ukwati, a maliro, a sukulu, ndi ena a pakati pa mabanja ndi abambo amene adapita kukagwira ntchito ku Joni, ku Harare kapena ku migodi ya ku Zambia. Eni ake ambiri adatsikira kuli chete. Ana ndi zidzukulu akamakonza m'nyumba amaŵerenga mizere iŵiri kapena itatu, kenaka mapepala onse amakathera pa moto. Komatu pa ngodya ya envulopu iliyonse pali chithunzi, ndipo pa makalata ambiri oponyedwa m'dziko muno pakati pa 1968 ndi zaka za m'ma 1990, chithunzicho ndi cha mbalame.

Kusonkhanitsa masitampa ndi chizoloŵezi cha anthu a m'maiko ambiri, ndipo pakati pawo pali gulu lalikulu limene silifuna china koma mbalame zokha. Kwa anthu otere dzina la Malaŵi si lachilendo. Chodabwitsa nchakuti munthu wa ku London amene sadapondepo pa Nyika amasunga mosamala mbalame za pa Nyika m'buku lake, pamene wokhala ku Luwinga, amene phirilo ali nalo pafupi, akuyatsira mbaula mapepala omwewo. Akulu adati mbalame ikatera pa uta siilasika. Timapepala timeneti ndi mboni ya mbalame zimene dziko lino lidali nazo, ya malo amene zinkakhala, ndiponso ya mmene ndalama ndi makalata zayendera, ndipo munthu wa ku Mpoto ali ndi mwayi woŵerenga umboniwo kuposa wina aliyense.

Sitampa yoyamba pa dziko lonse idatuluka ku Britain m'chaka cha 1840, potsatira maganizo a Rowland Hill akuti wotumiza kalata ndiye azilipira, osati woilandira. Idali yakuda, ya kobiri limodzi, ndipo padali mutu wa Mfumukazi Victoria. Mbalame sizidachedwe kuloŵapo. Mzinda wa Basel ku Switzerland udatulutsa sitampa ya nkhunda yonyamula kalata kukamwa mu 1845, ndipo Western Australia idaika tsekwe wake wakuda wa khosi lalitali mu 1854. Kuno masitampa adafika mu 1891, pamene Harry Johnston ankakhazikitsa boma la British Central Africa. Oyambawo adali a British South Africa Company, ongodindidwa malembo atatu, B.C.A. Makalata ankayenda pa mutu ndi pa pheŵa la amtengatenga, ndipo kanyumba kawo kopumulira ku Namaka, pa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba, kadasandutsidwa malo osungiramo mbiri ya positi. Dzina litasintha kukhala Nyasaland mu 1907, ndiponso m'zaka za chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963, nkhope ya mfumu kapena mfumukazi ya ku England sinkasoŵa pa sitampa. Ufulu wa pa 6 July 1964 ndiwo udapatsa dziko lino mpata wodzisankhira chimene lifuna kuonetsa kwa anthu akunja.

Mzuzu nawo ndi mzinda wa dzulodzulo. Udayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati malo a minda ya mitengo ya tung, ndipo udalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Chidindo cha positi ya Mzuzu nchaching'ono msinkhu poyerekeza ndi cha Karonga kapena cha Livingstonia. Tsono zaka zimene mzindawu unkakula, pamene aphunzitsi, akalaliki a boma, asilikali ndi amalonda ankasamukirako nkumalemberana ndi abale kumudzi, ndi zaka zomwezo zimene mbalame zidadzaza pa masitampa.

Pali mitundu iŵiri ya masitampa. Ena amatuluka pokumbukira chinthu chapadera nkugulitsidwa miyezi yoŵerengeka chabe. Ena ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo amakhala pa kauntala ya positi zaka zingapo, kuyambira wotsika mtengo kwambiri mpaka wokwera. Katatu konse Malaŵi adapereka masitampa ake a tsiku ndi tsiku kwa mbalame: mu 1968, mu 1975 ndi mu 1988. Pakati pa zakazi padabwera nyama za mtundu wa agwape, mitengo, ndi tinyama ting'onoting'ono, koma palibe china chimene chidabwerezedwa katatu.

Gulu la 1968 lidali ndi masitampa 14, ndipo mitengo yake idali ya ndalama zakale, kuyambira kobiri limodzi mpaka mapaundi aŵiri. Amene adalisankha adayang'ana kukongola, ndipo sadalakwe. Pa kobiri padali choso cha chifuŵa chofiira, chimene chimayamwa timadzi ta maluŵa kuseri kwa nyumba. Pa tiki padali mbalame yoimba m'mbandakucha ya mzere woyera pamwamba pa diso, imene mabuku achingelezi amaitcha White-browed Robin-chat. Pa shilingi padali fulagombe wofiira, amene amakumba mauna ake m'gombe la mtsinje nkumaswana m'chigulu. Pa mashilingi asanu padali chiombankhanga cha mchira waufupi ndi nkhope yofiira chotchedwa Bateleur, pa paundi imodzi chimeza cha m'bango, ndipo pa mapaundi aŵiri nkhulukulu yobiriŵira ya nthenga zofiira m'mapiko, imene idapatsidwa dzina la Livingstone.

Mbalame ziŵiri za m'gulu limeneli ziyenera kutchulidwa mwapadera. Ina ndi kachinkhwe kakang'ono ka pa sikisipensi, kotchedwa Nyasa Lovebird kapena Lilian's Lovebird. Ngakhale kali ndi dzina la Nyasa, m'dziko muno kamapezeka makamaka m'nkhalango za mitengo ya tsanya ku Liwonde, kumene akatswiri adapeza kuti ambiri amafa akamwa m'zithaphwi zimene osaka nyama mobisa athiramo mankhwala. Inzake ndi ya pa mashilingi aŵiri, Paradise Whydah, imene yaimuna yake imamera mchira wautali kwambiri nyengo yoswana nkuuthothola nyengoyo ikatha. Yaikazi simanga chisa. Imaikira mazira m'chisa cha mbalame ina, nkusiyira mwini chisa ntchito yolera. Ndalama ya kwacha ndi tambala itabwera mu 1971, mbalame ya mchira wautaliyi idakhala pa kobidi ya 2 tambala, chimeza chija pa 5 tambala, ndipo tambala weniweni pa 1 tambala. Motero mwana wa nthaŵi imeneyo akatumidwa ku positi ankapereka mbalame ya chitsulo nkulandira mbalame ya pepala.

Masitampa omweŵa adasunganso mbiri imene sikhudza mbalame konse. Mu 1970 sitampa ya shilingi ndi sikisipensi idadindidwa mawu okumbukira chionetsero cha Rand Easter Show cha ku Johannesburg, umene uli umboni wa ubale wa boma la Dr. Banda ndi South Africa pa nthaŵi imene maiko ambiri a mu Africa ankakana kugwirana chanza ndi boma la tsankho. Kumayambiriro kwa 1971 ogwira ntchito za positi ku Britain adanyanyala kwa milungu isanu ndi iŵiri, ndipo makalata opita kumeneko adaima. Malaŵi adakonza njira yapadera yoperekera makalatawo, nadinda mtengo watsopano wa 30 tambala ndi mawu akuti Special United Kingdom Delivery Service pa sitampa ya mashilingi atatu. Amene angapeze envulopu yeniyeni imene idayenda m'njira imeneyi wapeza chinthu choyenera kusamalidwa.

Gulu la 1975 lidasiyana ndi loyambalo. Apa kukongola kudachepa, ndipo m'malo mwake padabwera mbalame zimene munthu wakumudzi amazidziŵira ku msampha ndi ku mphika. Zinziri zidatenga malo aŵiri, pa 3 tambala ndi pa 8 tambala. Nkhwali idali pa 5 tambala, tsekwe pa 10 tambala, nkhanga pa 30 tambala, ndipo abakha akutchire a mitundu ingapo adadzaza mitengo yapamwamba, kufikira pa K4 pamene padali njiŵa yobiriŵira yodya nkhuyu. Osonkhanitsa ena akunja amaliona gululi ngati losakoma kwenikweni m'maso. Kunena zoona, ndilo lili pafupi koposa ndi moyo wa anthu, pakuti palibe Mmalaŵi wofuna buku kuti adziŵe nkhanga. Bakha wa pa K1, wotchedwa Garganey, ndi mlendo: amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo amabwera ku Africa pothaŵa chisanu cha kwawo. Wa ku Mpoto ayang'anitsitse sitampa ya 15 tambala. Pali mbalame yaikulu yoyenda pansi, imene mabuku amaitcha Denham's Bustard kapena Stanley Bustard, ndipo malo odziŵika koposa oionera m'dziko muno ndi udzu waufupi wa pamwamba pa Nyika.

Nkhwazi idalandira ulemu wakewake mu 1983. Masitampa asanu olumikizana, onse a 30 tambala, adaonetsa mbalameyi itatera, ikulira, ikutsika pa madzi, itanyamula nsomba ndiponso ikudya. Ndi nkhwazi yomweyo imene ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malaŵi ndi pa mbendera ya Zambia, ndipo wokhala ku Mzuzu angotsika makilomita pafupifupi 50 kupita ku Nkhata Bay kuti akamve kulira kwake. Masitampa asanuŵa akoma akakhala pamodzi osang'ambidwa. Akalekanitsidwa, nkhani ya kusaka kuja imaduka.

Nkhani ya 1987 ndi yolemetsa mtima. M'chaka chimenecho padatuluka masitampa anayi okhala ndi chizindikiro cha bungwe la World Wildlife Fund, oonetsa mbalame imodzi yokha, Wattled Crane. Ndi mbalame ya miyendo yaitali, yofika msinkhu wa munthu wamkulu, ya khosi loyera ndi tinthu tiŵiri tolendeŵera pansi pa chibwano. Imamanga chisa pakati pa dambo, imaikira dzira limodzi kapena aŵiri, koma imalera mwana mmodzi yekha, ndipo mwanayo amatenga miyezi asanathe kuuluka. Moto wolusa ukadutsa m'dambo nthaŵi imeneyo, chaka chonse chapita pachabe. Madambo a pa Nyika adali kwawo kwa mbalameyi, koma chiŵerengero chake kumeneko chidatsika kwambiri m'zaka zotsatira, kotero kuti alendo ambiri amayenda phiri lonse osaiona. Lero nkwapafupi kuipeza pa envulopu yakale kusiyana ndi m'dambo.

Gulu limene likhudza Mzuzu koposa ndi la 1988. Lidayambira pa 1 tambala nkukafika pa K10, ndipo pafupifupi mbalame zake zonse ndi za m'nkhalango zoŵirira za m'mapiri, zija zosagwetsa masamba chaka chonse, kumene mitengo imavala ndere ndipo pansi sipauma. Ndi mbalame zimene anthu ambiri sadazionepo, chifukwa zimabisala m'masamba ndipo zimadziŵika ndi mawu okha. Pa 5 tambala pali kambalame kobiriŵira, Moustached Green Tinkerbird, kamene kamabwereza liwu limodzi ngati mmisiri wokhoma chitini. Pa 10 tambala pali White-starred Robin, ya mimba yachikasu ndi kadontho koyera pakhosi, imene imaswana pamwamba pa phiri nkutsikira ku nkhalango za m'munsi nyengo yachisanu. Pa 15 tambala pali Bar-tailed Trogon, ya msana wobiriŵira ndi mimba yofiira, imene imatha kukhala duu pa nthambi munthu nkuidutsa osaiona. Pa K2 pali mbalame ya mlomo waukulu, Silvery-cheeked Hornbill, imene yaikazi yake imadzitsekera m'phanga la mtengo ndi dothi, nkusiya kampata kolandirira chakudya kwa mwamuna wake mpaka ana atakula. Pa K4 pali Crowned Eagle, chiombankhanga champhamvu chogwira apusi ndi tiagwape ta m'nkhalango.

Mbalame zimenezi sizikhala m'munda wa chimanga, ndipo sizikhala m'mitengo ya paini. Yofuna phanga ifuna mtengo wakale waukulu, ndipo yofuna nkhuyu ifuna mkuyu. Malo ake ndi timagawo ta nkhalango zachilengedwe za pa Viphya, pa Nyika ndi ku mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, pamodzi ndi mapiri ena a m'chigawo cha Pakati ndi cha Kumwera. Mzuzu, amene ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa nyanja yamchere, adamangidwa pakati pa dziko lotere, ndipo nkhalango ya Kaning'ina, kumene kumachokera madzi a mtsinje wa Lunyangwa, ili kum'maŵa kwa mzindawu. Oyenda pa msewu wa ku Mzimba amadziŵa zimene zidachitikira Chikangawa. Mahekitala oposa 50,000 a paini adadzalidwa kuti adzadyetse fakitale ya zopangira mapepala imene sidamangidwe, ndipo m'zaka za m'ma 2000 mbali yaikulu idatha ndi macheka ndi moto. Painiyo sadali nyumba ya mbalame za pa masitampa, koma moto woyamba m'paini suima pa malire, ndipo matabwa akasoŵa nkhwangwa imatembenukira ku mitengo yachilengedwe.

Chitsanzo choŵaŵa chili pa sitampa ya 75 tambala, pamene pali Green Barbet. M'dziko muno mbalameyi inkadziŵika m'malo aŵiri otalikirana: ku Misuku, ndi pa phiri la Thyolo. Ya ku Thyolo idali yosiyanako ndi inzake, ndipo akatswiri adaipatsa dzina la Charles Belcher, woweruza milandu amene adalemba buku la mbalame za Nyasaland mu 1930. Sitampayo itatuluka nkhalango ya pa phiri la Thyolo idali ilipo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 idadulidwa pafupifupi yonse nkusanduka minda. Palibe amene angaiŵale kuti anthu a ku Thyolo ndi opanikizika pa nkhani ya malo, pakuti minda ya tiyi idatenga gawo lalikulu la nthaka yabwino kalekale. Komabe zotsatira zake nzakuti tsogolo la mbalame ya pa 75 tambala m'Malaŵi latsalira ku nkhalango za Misuku.

Pali chinthu chimodzi chimene masitampa onseŵa adasiya. Maina olembedwapo ndi achingelezi kapena achilatini. Nzomveka, poti sitampa imayenda dziko lonse, ndipo mabuku amene ojambula ankatsata adalembedwa m'zinenero zimenezo. C. W. Benson, amene adagwira ntchito m'boma la atsamunda kuyambira m'zaka za m'ma 1930, adatulutsa pamodzi ndi mkazi wake buku la The Birds of Malawi mu 1977. Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adatulutsa lina la dzina lomwelo mu 2006, loŵerengera mitundu pafupifupi 650. Mmodzi mwa ojambula mbalame za pa masitampa a dziko lino, Norman Arlott, ndi wa ku England. Koma mbalamezi zidali ndi maina kale Azungu asanafike, m'Chitumbuka, m'Chitonga, m'Chinkhonde, m'Chilambya, m'Chisukwa, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena ndi m'Chicheŵa. Apa ndi pamene wosonkhanitsa wa kuno aposa wa ku London. Angathe kutenga sitampa nkupita nayo kwa agogo a ku Misuku, kwa mlenje wakale wa ku Ntchenachena kapena kwa msodzi wa ku Usisya, nkufunsa kuti kayuni aka nkachiyani, kamalira bwanji, kamabwera mwezi uti, ndipo kulira kwake kumalosera chiyani. Dzinalo likalembedwa pansi pa sitampa, pamodzi ndi mudzi kumene lidamvedwa, tsambalo lakhala ndi chinthu chimene sichipezeka m'kabuku ka mitengo ka kampani iliyonse. Okalamba odziŵa mainaŵa akutha msanga kuposa masitampa.

Tsono za kasamalidwe. Mdani wamkulu wa sitampa ku Mzuzu ndi chinyontho. Mvula ya kumeneko imapitirira pamene zigawo zina zauma kale, ndipo nkhungu ya m'maŵa imaloŵa mpaka m'kabati. Pepala likanyoŵa limachita madontho ofiirira ngati dzimbiri, chuku chimamera, ndipo masitampa osagwiritsidwa ntchito amamatirirana chifukwa guluu wa kumbuyo kwake amafeŵa. Mphemvu ndi njenjete zimakonda guluu yemweyo, ndipo chiswe sichisankha. Buku la masitampa liziimikidwa chiriri, osati kugonekedwa pansi pa katundu wolemera, likhale patali ndi khoma lozizira ndi simenti ya pansi, ndipo tsiku louma lizitsekulidwa kuti lipitidwe mphepo. Lisayanikidwe pa dzuŵa ngati ufa, pakuti dzuŵa limafufutitsa mitundu, makamaka yofiira.

Lamulo loyamba ndi kusafulumira kuchotsa sitampa pa envulopu. Ngati chidindo chikuŵerengeka, kuonetsa dzina la positi ndi tsiku, envulopu yonse isungidwe monga iliri. Nkhanga ya 30 tambala payokha ndi chithunzi chabe, koma nkhanga yomweyo yokhala ndi chidindo cha Embangweni, Chintheche, Likoma kapena Chilumba ikunena kumene idachokera, tsiku limene idanyamuka ndi mtengo wa kalata pa nthaŵiyo. Zidindo za mapositi ang'onoang'ono ndizo zosoŵa, popeza makalata ake adali ochepa. Maina ena adasintha, monga Fort Hill amene adakhala Chitipa ndi Deep Bay amene adakhala Chilumba, ndipo zidindo za maina akalewo sizidzadindidwanso.

Ngati envulopu yang'ambika kale kapena chidindo chafufutika, sitampa ingathe kuchotsedwa, koma osati ndi chikhadabo. Pepala lidulidwe mozungulira, kusiya mpata kuti lumo lisakhudze mano a m'mphepete, pakuti sitampa yoguluka dzino limodzi yataya mtengo. Kenaka iviikidwe m'mbale ya madzi oyera, ozizira kapena ofunda pang'ono, kufikira itadzilekanitsa yokha ndi pepala. Mapepala ofiira kapena obiriŵira aviikidwe paokha chifukwa amasuluka. Ikachoka igonekedwe chafufumimba pa pepala loyera, ndipo ikauma ipanikizidwe m'buku lolemera usiku umodzi. Sitampa yosagwiritsidwa ntchito isakhudze madzi mpang'ono pomwe. Zala zili ndi mafuta ndi thukuta, choncho odziŵa amagwira ndi kachitsulo kopanira ka nsonga zosalala. Choipa koposa ndi kumata masitampa m'kope ndi guluu wa m'botolo, ndi selotepi kapena ndi phala. Ana a sukulu ambiri adaononga masitampa abwino m'njira imeneyi, ali ndi mtima wofuna kusamala.

Funso limene limabwera nthaŵi zonse ndi la ndalama. Yankho lake silikondweretsa. Masitampa a tsiku ndi tsiku a mitengo yotsika adasindikizidwa ambirimbiri, ndipo ogula akunja ali nawo kale. Munthu asagulitse mbuzi kuti akagule masitampa poganiza kuti adzalemera, ndipo wina akabwera ndi nkhani yakuti sitampa ya nkhwali ingagule galimoto, ameneyo ndi tambwali. Amene ali ndi mtengo wooneka ndi a pamwamba, monga a paundi imodzi, mapaundi aŵiri, K4 ndi K10, gulu lathunthu losasoŵa ngakhale imodzi, ndi maenvulopu a zidindo zosoŵa. Mitengo yake imalembedwa m'mabuku a makampani monga Stanley Gibbons ya ku London, ngakhale kuti wogula weniweni kaŵirikaŵiri amapereka zochepera pa zimene bukulo likunena. Palinso chinyengo cha mtundu wina. Pa intaneti pamagulitsidwa mapepala okongola olembedwa dzina la Malaŵi ndi la maiko ena a mu Africa, osindikizidwa kunja popanda chilolezo cha positi ya dziko lililonse, ndipo bungwe la Universal Postal Union, limene lidakhazikitsidwa ku Bern mu 1874, limachenjeza maiko za mapepala otere. Chizindikiro chimodzi nchapafupi: ngati mbalame yojambulidwayo ndi ya ku madzi oundana kapena ya ku America ndipo sidaterepo pa nthaka ino, wogula ayambe wakayika. Sitampa imene idayendadi pa kalata, yokhala ndi chidindo cha positi yodziŵika, ilibe nkhaŵa imeneyi.

Mitengo yolembedwa pa masitampa ikusimbanso za kwacha. Mu 1975 positi idaona kuti K4 ndi yokwanira kukhala sitampa yapamwamba kwambiri, ndipo mu 1988 padali pakufunikabe sitampa ya 1 tambala. Mwana wa masiku ano sadagwirepo tambala m'manja, ndipo akaona mbalame ya 2 tambala amafunsa kuti ndalama imeneyo inkagula chiyani.

Wofuna kudutsa malire sadzasoŵa poyambira, chifukwa Mpoto ndi dziko la anthu oyenda. Makalata ochokera kwa abale a ku Kitwe, ku Bulawayo, ku Mbeya ndi ku Johannesburg adabweretsa masitampa a maiko amenewo m'midzi ya ku Mzimba, ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay. Uganda idatulutsa gulu lake la mbalame mu 1965, Botswana mu 1967, Zambia mu 1987 ndipo Kenya mu 1993. Masitampa ambiri a Zambia adajambulidwa ndi mayi Gabriel Ellison, yemwenso adajambula mbendera ya dzikolo. Zimbabwe ili ndi mbalame yake ya mwala, yosemedwa zaka mazana angapo zapitazo ku mabwinja a Great Zimbabwe. Njira imodzi yokoma ndi kusankha mbalame imodzi, monga nkhwazi kapena nkhanga, nkuitsata m'maiko onse amene adaijambula, pakuti aliyense adaiona mwa njira yake.

Nthaŵi yochitira zimenezi ndi yoŵerengeka. Kuyambira m'chaka cha 2000 ntchito za positi zidalekanitsidwa ndi za matelefoni nkukhala pansi pa Malawi Posts Corporation, ndipo m'zaka zotsatira foni ya m'manja idalanda uthenga umene kale unkayenda pa kalata, pamodzi ndi ndalama zimene zinkatumizidwa kudzera ku positi. Masitampa atsopano amatulukabe, ndipo wowafuna angafunse ku positi yaikulu ya Mzuzu kapena ku nthambi ya osonkhanitsa masitampa ku Blantyre. Koma envulopu yakale ikapsa palibe ina yoloŵa m'malo mwake. Aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe m'sukulu, monga aja a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, ali ndi chida chophunzitsira chosafuna ndalama, ngati mwana aliyense atabwera ndi maenvulopu aŵiri kapena atatu a kunyumba.

Mwanayo ayambe wapempha. Kalata ndi chinsinsi cha mwini wake, ndipo ya munthu womwalira ndi ya banja lonse, choncho mkulu wa pakhomo ndiye atulutse pepala la m'kati nkupereka envulopu yokha. Masitampa a 5, 8, 10 ndi 15 tambala adzapezeka msanga, chifukwa ndiwo ankayenda pa makalata wamba. A K2, K4 ndi K10 sankamatidwa pa kalata ya moni. Ankapita pa maphukusi ndi pa makalata olembetsa, motero malo owafunira ndi zikutiro zakale za katundu m'maofesi a mishoni, m'masitolo ndi m'nyumba za aphunzitsi opuma amene ankaitanitsa mabuku kudzera ku positi.